Lachisanu Limene Sindinapite ku Khoti

Kakalata ka Edwin kanafika Lolemba m'mawa, mu envulopu yabulauni ngati ya ntchito kuti bambo asakayikire. Mawu ake anali ochepa: "Skipton, mawa, sitima ya 2 koloko. Pali nkhani."

Lamulungu la sabata yomweyo ndi limene tinagwirizana kuti adzabwera kunyumba kudzaonekera kwa bambo. Ndiye mwamuna akakulembera kuti pali nkhani kutatsala masiku asanu ndi limodzi, umangoganiza kuti wasintha maganizo.

Ine ndine Hester Illingworth, solisita, mwana wa solisita. Chaka chimenecho cha 1954 akazi a ntchito imeneyi mu Bradford ukanatiwerenga ndi dzanja limodzi, zala zina n'kutsala. Ife timalandira anthu mu ofesi, kumva madandaulo awo, kulemba makalata ndi kudula zisamani. Koma mlandu ukafika ku khoti lalikulu pakamwa timatseka. Timamanga mapepala onse ndi liboni kukhala mtolo, n'kuutumiza kwa balisita, munthu wa wigi ndi mkanjo wakuda, kuti akayankhule iyeyo, ife titakhala pa benchi yam'mbuyo. Edwin Garside ndinamudziwa choncho. Ndinayamba kukonda kumbuyo kwa khosi lake ndisanaione bwino nkhope yake.

Miyezi khumi ndi umodzi tinkabisa ngati taba. Balisita saoneka akudya kapena kucheza ndi solisita amene amamutumizira milandu, anzake amati akudzitsatsa, ndipo amatha kumusala mpaka ntchito kumuthera. Ine ndinali nditamutumizira milandu itatu wigi yake ikadali yoyera mbee. N'chifukwa chake tinkakumana ku Skipton, kwa alimi a nkhosa, kumene anthu a zikhoti zakuda sakonda kupondako.

Koma ndinali ndi chinsinsi china chimene Edwin yemwe sankachidziwa. Amuna a Mayi Firth anafera mu fakitale ya ubweya, lamba wa makina atawakoka. Lamulo linkapatsa wamasiye chaka chimodzi chokha kuti asumire eni fakitale. Lachisanu lina mu Novembala bambo anandipatsa chisamani cha mlanduwo kuti ndikachidindise ku khoti. Pa chikuto cha failo panali tsiku la Lachiwiri lotsatira, lolemba ine ndemwe, ndiye ndinati nthawi ilipo, ndipita Lolemba. Ndinaponya envulopu ya chisamanicho m'chikwama n'kukwera sitima ya ku Skipton. Tsiku la pa chikutolo linali la maliro, osati la imfa. Chaka chinatha Lachisanu lomwelo, ine ndikudya keke ndi Edwin.

Mayi Firth anatsala ndi ana atatu, opanda wowapepesa. Anapita kwa solisita wina n'kusumira ifeyo. Bambo ndinangowauza kuti ndinaiwala.

* * *

Chipinda cha tiyi cha pa siteshoni chinkanunkha zikhoti zonyowa. Edwin anali pa tebulo lathu la pakona, chipewa chili pa bondo, tiyi atazizira asanamulawe.

"Wadwala?" ndinamufunsa. "Nkhopeyo ngati jaji wakukalipira pagulu."

"Khala pansi, Hester."

"Ngati wasintha maganizo za Lamulungu, unene ndili chiimire. Sitima yobwerera sinanyamuke."

"Iwe, khala pansi. Si zimenezo." Anazunguza supuni m'kapu. "Lachisanu kalaliki wathu anandiikira mtolo pa tebulo. Firth kusumira Illingworth. Ndine ndikayankhulire Mayi Firth."

Ndinakhala pansi.

"Mabalisita akuluakulu onse ati atanganidwa," anapitiriza. "Ukudziwa tanthauzo lake. Palibe amene amafuna kudana ndi masolisita, ntchito zathu zimachokera kwa inu. Ndiye aponyera ine wamng'ono."

"Ukane."

"Balisita sakana mlandu. Tili ngati takisi yoima pa mzere, amene wafika wakwera, kaya ndi m'busa kaya chidakwa."

"Zimenezo uzikauza ana a sukulu, ine ndinawerenga mabuku omwewo. Pokanira palipo. Ukakhala pa ubale ndi amene akusumiridwa, umabweza mtolo."

"Umabweza utanena chifukwa. Ndikanene kuti chiyani? Kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikumwa tiyi ndi mwana wa a Illingworth, yemwe ananditumizira milandu itatu yoyamba ya moyo wanga? Adzati ndinkafunsira ntchito, osati mkazi."

"Nanga Lamulungu unkabwera kudzatani? Kudzaona tomato wa bambo?"

"Ndinkabwera ndilibe mlandu m'manja. Tikanalengeza bwinobwino, iwe n'kusiya kunditumizira ntchito, anthu n'kunena sabata ziwiri, nkhani n'kuzizira. Koma kuulula panopa kuli ngati wakuba amene walapa ataona wapolisi." Anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba. "Ndipo ndikabweza, ukudziwa amene ali kumbuyo kwanga pa mzere? Cedric Holroyd."

Holroyd anali balisita mnzake wa m'chipinda chimodzi, mwana wa jaji. Kawiri anandipempha kuti ndipite naye ku dansi ya Khirisimasi, kawiri ndinamukana, ndipo sanali munthu wozolowera kukanidwa. Bambo anga m'manja mwa Holroyd, ndinangoti Mulungu wanga.

"Edwin, pali chimene uyenera kudziwa pa mlandu umenewu. Tsiku lija..."

Anakweza dzanja ngati akuimitsa basi.

"Ayi. Usanene."

"Koma uyenera kumva!"

"Mtolo ukadali kwa ine. Lero ndine wa Mayi Firth. Chilichonse chimene undiuze ndiyenera kukachinena kwa iwo, ngakhale undiuze ukulira. Ndiwe loya, ukudziwa."

Ndinkadziwa. Miyezi inayi ndinakhala ndikufunafuna mphamvu yomuuzira, ndipo tsiku limene ndinaipeza, lamulo linanditseka pakamwa. Ndinalira chamumtima, chifukwa mayi wogulitsa tiyi ankatisuzumira.

"Undipatse mpaka Lachisanu," anatero Edwin. "Ndiganize."

Anandigwira dzanja pansi pa tebulo. Monga mwa nthawi zonse tinakwera masitima osiyana, iye woyamba, ine wotsatira.

* * *

Lachitatu masana ndinawapeza bambo m'kanyumba kawo kagalasi kuseri, akuokera mbande za tomato. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi, ndipo chimwalirireni mayi, nkhani zonse zolemera ankazikambira m'menemo, atandifulatira.

"Wamva amene atiimikira?" anafunsa. "Kamnyamata kako kaja, Garside. Kamene unkati, bambo, tikapatseko mwayi, kakuvutika. Taona m'mene kathokozera."

"Mwina sanachite kusankha, bambo. Mukudziwa lamulo lawo."

"Lamulo lawo ndimalidziwa kuposa iwo. Zaka makumi anayi ndakhala kumbuyo kwa anthu amenewa, kuwalembera timapepala, funsani ichi, musafunse icho. Akapambana, jaji amayamikira iwowo. Akaluza, wolira amabwera ku ofesi kwanga. Ku hotela amadyera chipinda chawochawo. Tikakumana m'khonde la khoti amayang'ana kudenga ngati likudontha."

"Si onse."

"Onse, mwanawe. Wigiyo imabwera ndi matenda ake."

"Bambo, ndikufuna ndikanene zoona. Chisamani chija chinali kwa ine."

Anaika kamphika pansi pang'onopang'ono, n'kutembenuka.

"Dzina limene lili pa chitseko cha ofesi ndi la yani?"

"Ndi lanu."

"Ndiye wolakwa ndine. Ine ndikalakwa adzati mdala wakalamba, akapume. Iwe ukalakwa adzati tinanena, akazi ntchito iyi sangaithe, ndipo palibe adzakupatsenso ngakhale kalata ya lendi kuti umulembere. Tsiku la mayeso ako ku London ndinaima panja pa holo kuyambira m'mawa, mvula ikundithira. Sindinaimire zimenezi."

"Nanga wamasiye uja?"

"Wamasiye adzapeza chake. Mlanduwu tiluza, ndipo n'koyenera kuti tiluze. Chimene ndikukana n'chakuti uluzike ndiwe." Anapukuta manja ku epuloni. "Nkhaniyi yatha. Mlendo wako wa Lamulungu uja abwerabe? Mpaka lero dzina ukulibisa ngati nyama ya alendo."

"Sindikudziwa, bambo."

"Abwere, ndiphikitsa mwendo wa nkhosa. Bola asakhale wa wigi."

Anaseka, ine n'kusekanso. Pa zonse zimene ndinachita sabata imeneyo, kuseka kumeneko n'kumene kumandichititsabe manyazi.

* * *

Lachinayi ndinali ndi kamlandu kakang'ono ku khoti la m'tauni. Ndikutuluka, wina anandiitana m'khonde mokweza ngati tili pa msika.

"Mayi Illingworth! Mwaondatu. Kapena mpweya wa ku Skipton sukukuyanjani?"

Anali Holroyd, wigi m'manja, atayedzamira khoma ngati ndi lake.

"Sizoletsedwa kuti muime ndi solisita m'khonde, a Holroyd?"

"N'zoletsedwa kwa anthu osowa ntchito. Ine angandiganizire ndani kuti ndikupempha?" Anandiyandikira. Ankanunkha mafuta a tsitsi okwera mtengo. "Ndikuuzeni kanthano. Pa 20 Novembala, Lachisanu, ndinali ndi kamlandu ka nkhosa ku Skipton. Ndikudikira sitima, ndinasuzumira m'chipinda cha tiyi. Ndinaona makapu awiri, keke ya zipatso, mnzanga Garside, ndi chipewa chobiriwira. Ndinangoti za eni. Koma dzulo ndinapeza mtolo pa tebulo la Garside uli chitsegulire, n'kuona tsiku. Ine masiku ndimakumbukira, mayi. Ena ndi amene amaiwala."

Chipewa chobiriwiracho chinali pamutu panga. Ndinamva ngati chikundiwotcha.

"Mukufuna chiyani?"

"Ine? Palibe. Ndinafunapo dansi imodzi, munati mapazi akupweteka. Kodi anapola?"

"Mulibe manyazi."

"Manyazi ndi a amene adya keke pa tsiku la ntchito." Anavala wigi yake mosamala, akudziyang'anira pa galasi la chitseko. "Garside akabweza mtolo, ubwera kwa ine, ndipo funso langa loyamba mukulidziwa kale. Akapanda kubweza, ndikafunsa akuluakulu ngati n'koyenera kuti mkamwini azenge mpongozi wake. Sankhani nokha, nonse ndinu ophunzira."

Anandivulira wigi ngati chipewa, n'kulowa m'khoti akuimba mluzu.

* * *

Tsoka likafuna munthu silibwera lokha. Pa malo odikirira basi ndinamva wina akundigwira pa chigongono. Anali mayi wamfupi, mpango kumutu, manja ofiira ndi sopo wochapira ubweya.

"Ndinu mwana wa a Illingworth, eti? Ine ndine Mayi Firth."

Ndinafuna nthaka ing'ambike.

"Musaope, mayi, sindikufuna ndewu. Mukawauze bambo anu kuti ine sindidana nawo. Anabwera okha kunyumba kudzandiuza, chipewa m'manja, misozi ili mbwee. Munthu wamkulu ngati uja kulira pamaso pa ana anga! Ndinati akula, aliyense amaiwala. Koma ana atatu, mayi. Wamkuluyo anali woti apitirize sukulu, lero ali nane ku fakitale. Ndikanatani?"

"Munachita bwino," ndinatero.

"Inu ndiye muwasamale. Ali ndi mwayi, ali ndi mwana wanzeru."

Basi yake inafika, anakwera, akundibayibitsa pa zenera. Ine sindinakwere yanga. Ndinalowa mu positi ofesi, n'kulemba chiimire ndi cholembera chawo chomangidwa ndi tcheni:

"Edwin, unakana kumva, ndiye uwerenge. Chisamani cha Mayi Firth chinali m'chikwama mwanga pa 20 Novembala. Ndi envulopu ija unaiona. Bambo sanaiwale chilichonse. Holroyd anationa, ndipo akudziwa tsiku. Tsopano mtolowo sungausungenso. Ngati undida, ndimvetsa. Ine ndatopa kudana ndekha. H."

Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Ndinkamulanda mpata wosankha. Koma ndinkaganiza kuti choonadi chikangotuluka, chopweteka kwambiri chatha, otsala ndi manyazi okha, ndipo manyazi sapha munthu. Ndinadziona ngati loya wanzeru kwambiri poponya kalatayo m'bokosi.

Lachisanu kunali zii. Foni ya mu ofesi ikalira ndinkadumpha, koma anali anthu a milandu ya mipanda ndi chuma cha masiye. Loweruka masana kunabwera telegalamu: "NDABWEZA. LAMULUNGU 3 KOLOKO." Ndinaiwerenga kakhumi, kufunafuna liwu limodzi lachikondi, koma ku telegalamu mawu amalipiritsa.

* * *

Lamulungu, Edwin atagogoda, bambo anatsegula chitseko okha, atavala suti ya ku tchalitchi. Ine ndinali kumbuyo kwawo. Ndinaona msana wawo ukuuma.

"A Garside. Mwasokera? Balisita saponda pakhomo pa solisita."

"Sindinabwere ngati balisita, bambo."

Bambo anacheuka n'kundiyang'ana, kenako n'kumuyang'ananso iye. Sanali munthu wofuna kuuzidwa kawiri.

"Ohoo," anatero. "Lowani."

Tinakhala pabalaza. Nyama ya nkhosa inkanunkhira kuchokera kukhitchini, palibe anaitchula. Edwin anakhala pa nsonga ya mpando, mawondo pamodzi, ndipo anayankhula m'mene amayankhulira kwa jaji, mwadongosolo, osabisa chomuvulaza.

"Mtolo ndinabweza Lachisanu. Ndinalembera mkulu wathu kalata, n'kuikamo zonse. Miyezi khumi ndi umodzi, milandu itatu ija, ndi Lachisanu la ku Skipton. Ati akhala pansi aone chochita nane, mwina andichotsa. Koma ndikufuna mumve kwa ine, bambo. Ndine ndinamuimbira Hester foni m'mawa umenewo. Anandiuza kuti ali ndi pepala loti akadindise, ine n'kumuuza kuti khoti silithawa, Lolemba lilipo. Envulopuyo ndinaiona ndi maso anga m'chikwama mwake. Kulakwaku n'kwanga monga kuli kwake. Ndabwera kudzapepesa, komanso kudzapempha Hester."

Mtima wanga unadumpha. Mundikhululukire, koma unadumpha. Sanandide. Anataya zonse n'kubwera masana, pa khomo lakutsogolo. Ndinayang'ana bambo, ndikudikira mkuntho, ndipo ndinali wokonzeka kuupirira.

Mkunthowo sunabwere. Bambo anafunsa motsitsa.

"Mwati mwalemba?"

"Inde, bambo."

"Ndipo mtolo uli kwa yani?"

"Kwa Holroyd. Dzulo wandiuza kuti adzandiitana ngati mboni."

Bambo anaimirira, n'kupita pa desiki yawo ya pakona. Anatulutsa pepala lopyapyala la kaboni, n'kundipatsa ine, osati Edwin. Anali mafunso olembedwa ochokera kwa solisita wa Mayi Firth, a mtundu umene munthu amayankha atagwira Baibulo. Funso lachinayi linkati: chisamani chinali kwa yani pa 20 Novembala? M'munsi mwake munali yankho la bambo. "Chinali mu dilowa yanga tsiku lonse. Palibe wina anachikhudza. Mwana wanga anali mu ofesi kuyambira m'mawa mpaka madzulo." Anasaina Lachinayi, tsiku lomwe ine ndinkalemba kalata yanga ku positi ofesi.

Tonse atatu tinali maloya, panalibe wofuna kumasuliridwa. Solisita akaiwala tsiku, amaluza mlandu, mawa n'kutsegulanso ofesi. Akanama atalumbira, dzina lake amalifufuta m'kaundula, ndipo ndende imamudikira.

"Bambo," ndinatero, "munalumbiriranji?"

"Unandiuza kuti unaiwala. Ndinkaganiza kuti oidziwa nkhaniyi tilipo awiri." Anatseka dilowa ya desiki. "Ukanandiuza kuti pali mwamuna, Hester. Ndikanakalipa, koma sindikanasaina."

Ndinagwada pa kapeti. Sindikumbukira kuti ndinaganiza zogwada. Iwo sanandiyang'ane, anali atatembenukira kale kwa Edwin, ndipo nkhope yawo inali ya ku ofesi, imene amavala akamafunafuna khomo lotulukira munthu wawo.

"Tiyeni tikambe ngati anthu a ntchito, a Garside. Holroyd sangakhale mboni pa mlandu umene akuyankhulira yekha. Chimene anaona n'chipewa, ali patali. Kalata ya kwa mkulu wanu simunalumbire, munthu amasokoneza masiku. Amene watsala ndinu nokha."

"Bambo..."

"Ndisanathe. Mukufuna mwana wanga? Mutengeni. Ndidzamulowetsa ndekha m'tchalitchi, ndipo sindidzatchulanso za mawigi mpaka kufa. Inu akakuitanani, mudzangoti tsikulo simukulikumbukira."

Edwin anandiyang'ana. Ine, amene ndinalemba kalata chifukwa chotopa ndi bodza, ndinamva pakamwa panga pakutseguka.

"Edwin, chonde."

"Hester, ukudziwa chimene ukundipempha?"

"Ndi bambo anga."

"Mayi Firth apambana ndithu," anatero bambo. "Sitikuwalanda kanthu. Palibe amene avulale."

"Ndikudziwa, bambo." Edwin anali atayera ngati pepala limene linali m'manja mwanga. "Koma ndikagwira Baibulo n'kunama kamodzi, sindingadzaimenso pamaso pa jaji n'kumuuza kuti andikhulupirire. Ndipo tsikulo ndikulikumbukira. Ndikukumbukira chilichonse, mpaka diresi imene anavala. Sindingathe."

Bambo anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva mtengo umene ankauyembekezera.

"Ndinu balisita wabwino, a Garside. Ndikanakhala ndi mlandu woona, ndikanautumiza kwa inu." Anakhala pansi mwadzidzidzi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti ndi nkhalamba. "Hester, mperekeze mlendo wako."

* * *

Kuchokera pa khomo kufika pa geti ndi mapazi makumi awiri. Ana a kwa aneba ankabwera kuchokera ku Sande sukulu, atanyamula timaluwa, ndipo anatipatsa moni.

Edwin anatuluka, n'kutembenuka, dzanja lili pa geti.

"Kuyambira mawa ndine mboni. Sindidzaloledwa kuyankhula nawe, kapena kukulembera, mpaka mlandu utathe. Tiye lero, Hester. Azakhali anga ku Ilkley ali ndi chipinda. Ndikachotsedwa ndikaphunzitsa sukulu, ndikagulitsa nsapato, chilichonse. Tidzawasamala bambo ako zikadzatha."

"Ukawasamale utawamangitsa?"

"Sindine ndinasaina."

"Anasainira ine."

Anatseka maso. Atawatsegula munali misozi, ndipo ndinamukonda kuposa tsiku lina lililonse, n'chimene chinandipweteka kwambiri.

"Pali china chimene sunaganize," anatero motsitsa. "Holroyd sadzaitana ine ndekha. Ndikadzatsika ine m'bokosi la mboni, adzaitana iwe. Udzagwira Baibulo lomwelo. Adzakufunsa kuti unali kuti Lachisanu lija."

Ndinacheuka. Bambo anali ataima pa zenera la pabalaza, akulimbana ndi batani la kolala.

"Hester, udzanena chiyani?"

Ndinachotsa dzanja lake pa geti, chala chimodzichimodzi, n'kutseka ndili m'kati.

"Ndidzanena kuti ndinali mu ofesi," ndinatero. "Kuyambira m'mawa mpaka madzulo."